Kapu Yoyamba ya Sangiriya

A Magadalena anayamba kukayika pamene anaona mpongozi wawo akuponya kakhungwa kofiirira m'chidebe. Mapichesi anawaona akudulidwa, malalanje ndi maapozi chimodzimodzi, ndipo ngakhale zinawawawa kuona zipatso zabwinobwino zikumizidwa mu vinyo ngati nyemba zonyika, anangozilekerera. Koma khungwa? Munthu wokalambira ku Bembeke akuona zinthu sungamuuze kuti khungwa la mtengo limalowa m'chakumwa popanda chifukwa.

Flossie, mkazi wa mwana wawo Petulo, anagwirapo ntchito ya m'nyumba kwa azungu ena ku Lilongwe, ndipo anabwerako ndi timaluso tosatha. Chaka chino anati pa Khirisimasi akonza chakumwa chotchedwa sangiriya. Vinyo wofiira wa m'katoni anakagula yekha ku boma. M'mawa wa tsikulo anathiramo shuga, nafinyiramo ndimu, kenako anavundikira chidebecho n'kuchikhazika m'beseni la madzi a pachitsime kuti chizizire.

"Apongozi, nanga chamtengo mwaponyamo chija n'chiyani?" anafunsa a Magadalena.

"Ndi sinamoni, amayi. N'chonunkhiritsa chabe."

"Oo, sinamoni."

Pakamwa anangoti oo, koma mtima unali m'mwamba. Zaka zinayi m'banja, kumsana kwa Flossie kunalibe mwana, ndipo pachigayo anthu anali atayamba kale kunong'ona kuti Petulo akuponya maso kwina. Mkazi akaona kuti banja likugwedera amalowera kuti? A Magadalena ankadziwa amuna awiri m'mudzimo amene anadyetsedwa mankhwala achikondi, ndipo mmodzi mpaka lero amatsuka mbale akuseka yekha. Petulo anali mwana wawo wamwamuna mmodzi yekhayo. Misa yonse anaimvera ndi khutu limodzi, linalo lili kuchidebe.

Anaganiza zokachigubuduza mwadala, koma anadziletsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Masana, atatha kudya mpunga ndi nkhuku pansi pa mtengo wa mapichesi, Flossie anabweretsa chidebe chija. Anathiramo soda, chakumwacho chinachita thovu, zipatso zikuyandama zitafiira ngati nyama yaiwisi. Anatunga kapu yoyamba n'kugwada kwa a Yohana, mlongo wawo wa a Magadalena amene anabwera kudzadya nawo Khirisimasi. Yachiwiri anapereka kwa mwamuna wake, ndipo kakhungwa kaja, mwa makapu onse, kanagwera m'kapu ya Petulo.

"Taimani kaye!" anatero a Magadalena.

Kwathu kuno wofulula sapereka chikho asanamwe yekha pamaso pa anthu. Ngakhale mwana wotumidwa thobwa amadziwa zimenezo. Flossie sanalawe ngakhale dontho, ndipo kapu yake sanaibweretse n'komwe.

"Apongozi, mwaiwala mwambo. Wofulula amayamba ndiye."

"Ine ndakhuta, amayi."

"Kulawa sikudikira njala."

Petulo anaseka mwamanyazi. "Amayi, zimenezo n'za mowa wamasese. Uyu ndi vinyo wa m'sitolo."

"Iwe khala chete. Wa m'sitolo ndi vinyo, koma manja amene asakaniza si a m'sitolo."

A Yohana, amene kapu inali itafika kale pamilomo, anaitsitsa pang'onopang'ono n'kuikhazika patali ndi mwendo wawo. A Magadalena anatenga kapu ya Petulo, ya khungwa ija, n'kuilozetsa kwa mpongozi wawo. Anali ndi mantha, koma analinso ndi kakukondwa koipa ka munthu amene wagwira mbava ili m'munda.

Flossie anayang'ana mwamuna wake, koma Petulo anali kuyang'ana nsapato zake. Flossie anakweza maso kwa a Yohana, iwonso anayang'ana kumbali. Akakana, mawa lomwe Bembeke yense amva kuti mtengwa wa a Magadalena anafuna kudyetsa anthu mankhwala. Analandira kapu ija ndi manja awiri.

Fungo la vinyo litangomufika m'mphuno, nkhope yake inasintha. Anameza malovu kawiri, anatseka maso, ndipo dzanja lake lamanzere linachoka pakapu n'kukakhala pansi pa mchombo, pamwamba pa chitenje. Silinali dzanja la munthu womva kupweteka. Linangokhalapo mofatsa, ngati lofungatira.

A Magadalena anabereka ana asanu ndi awiri. Dzanja limenelo ankalidziwa. Ankadziwanso kuti mimba yanthete siitchulidwa pagulu, makamaka pamaso pa amuna, ndiponso mimba imene yadikiridwa zaka zinayi. Mwana wa eniyu anali pakati pa zoipa ziwiri: kuulula chimene sichiululidwa, kapena kumwa chimene ankaopa kuti chimuvulazira mwana. Ndipo amene anamufinyira pakona pamenepo anali iwo. Manyazi anawagwira mpaka m'mafupa.

Kapu inali itagunda kale milomo ya Flossie pamene a Magadalena anaitsomphola, vinyo wina n'kutayikira pa chitenje chawo cha Khirisimasi.

"Bweretsani kuno! Mwachedwa nayo. Pakhomo pano wamkulu ndine, ndilawa ndine."

Anamwa osapumira mpaka kakhungwa kaja kanawagunda pamphuno. Chinali chozizira, chotsekemera, chowawasira pang'ono kukhosi. Anapukuta pakamwa n'kuuza a Yohana kuti atole kapu yawo asiye mantha achibwana, ndipo a Yohana anaitola akung'ung'udza kuti amene anayambitsa mantha si iwo.

Flossie anali chigwadire, misozi ili lengelenge. A Magadalena anawerama ngati akufuna kuvundikira chidebe, nalankhula motsitsa kuti amuna aja asamve.

"Miyezi ingati, mwanawe?"

"Itatu, amayi."

"Ndiye chidebechi musachinyamulenso. Ndinyamula ndekha."