Chitsulo cha Mwera

Belu la patchalitchi pathu silinali belu lenileni. Chinali chitsulo cha sitima yakale ya mishoni, chopachikidwa pamtengo wa mango. Bambo anga ankati aphunzitsi oyamba anafika nacho pabwato, malungo atawafoola, anzawo atawaika m'manda m'njira. Aphunzitsiwo ndiwo anayambitsa mwambo wakuti mwera ukawomba asodzi ali panyanja, wina aziliza chitsulocho osalekeza, amayi atagwada pansi pa mtengo, mpaka bwato lomaliza litakocheza. Sankafunsa ngati m'bwatomo muli Mkhristu kapena Msilamu.

Bambo atamwalira, wolizayo ndinali ine.

Chaka chino kunabwera abusa atsopano, a Raston. Lamulungu lina analalikira za Paulo, kumenyedwa kwake, kusweka kwa chombo chake, ndi mmene mpingo woyamba unkapempherera anthu ake ali m'ndende. Analalikira bwino, ndisaname. Atatha analengeza kuti mtengo wa mango udulidwa, pamalopo pamangidwa holo, ndipo chitsulo chipita kwa otola zitsulo zakutha.

Ndinawatsatira panja.

"Abusa, nanga mwera ukabwera?"

"Agogo, asodzi a masiku ano ali ndi mainjini ndi mafoni. Kupemphera tizipemphera m'holo."

"Foniyo ikanyowa?"

Anaseka n'kundisisita paphewa ngati mwana. Akulu a mpingo anangoyang'ana pansi. Ena mwa iwo, abambo awo ndinawalizira chitsulocho mpaka atafika kumtunda.

M'mawa mwake kunabwera Hamidu, mnzanga wakale, Msilamu wopha usipa, akukankha wilibala.

"Ndamva akuchotsa ntchito, bwana belu."

"Wabwera kudzandiseka?"

"Kuseka ndasekeratu m'njira. Gwira uko. Chitsulo chimenechi chinanditulutsa m'madzi abusa akowo asanabadwe."

Abusa anati tingotenga. Sanafunse n'komwe kumene tikupita nacho, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kukanizidwa. Tinakachipachika pamkuyu wa kugombe.

Mwera wa mu Julaye utawomba, ndinapita kukaliza. Palibe mayi anabwera kudzagwada. Anyamata ankandijambula pafoni akuseka. Hamidu anaima pambali panga, milomo ikugwedezeka m'chipembedzo chake, ine m'changa. Mabwato anabwera limodzilimodzi ndi phokoso la mainjini, ndipo sindikhulupirira kuti alipo anamva chitsulocho. Ndinaleka lomaliza litakocheza, manja atatupa monga ankatupira a bambo.