Nsapato za Rosie

Chipatala cha mafupa a ana cha m'tauni chitakwanitsa zaka makumi awiri, anatuma namwino wina, Cecilia, kudzandipeza kuno kwa Chonde.

"Amayi, tikusonkhanitsa zinthu zakale zoti tipachike pakhoma kuti anthu adziwe mbiri yathu. Mwana wanu Rosie anali mmodzi mwa ana oyamba. Nsapato zake zija mukadali nazo?"

Ndinazitulutsa m'sutikesi: tinsapato tiwiri tolumikizidwa ndi kachitsulo. Rosie anabadwa mapazi atapindikira mkati. Bambo ake atangowaona anati kumtundu kwawo kulibe zotere, basi ulendo wa ku Mozambiki. Ine Lachiwiri lililonse ndinkajomba kothyola tiyi, kukwera naye minibasi kuti akamuike chikhakha chatsopano. Mapazi atawongoka, anagona ndi nsapatozi zaka zinayi, iye akulira, ine ndikumanga zingwe.

"Nanga panopa akuyenda bwanji?" anafunsa Cecilia, cholembera chili m'manja.

"Akuyenda bwino zedi. Anayenda mpaka ku Joni. Chino ndi chaka chachitatu, ngakhale foni yokha."

Cecilia anasiya kulemba. Nkhuku zinkapalasa kuseri. Kenako anatambasula dzanja kuti alandire nsapatozo, koma ine ndinazikulunga m'chitenje changa.

"Pakhoma panupo mupachikepo za ana ena, mwanawe. Mapazi a Rosie amene anatsala m'nyumba muno ndi awa okha. Awa ndiye sindiwamasula."