Katsalira Wagona Chagada

1.
Wagona chagada. Miyendo yonse isanu ndi itatu m'mwamba, sakugwedezeka. Katsalira, kangaude womaliza wa mbale wanga, m'botolo la chiponde pazenera.

2.
Tinabadwa awiri, Lonjezo patsogolo, ine Maziko pambuyo. Iye anayamba kuyenda ine ndikukwawa. Analowa koleji ine ndikubwereza folomu folo. Kenako njinga yamoto, msewu wa ku Liwonde, Lachinayi masana. Ngakhale kumanda sanandidikire.

3.
Lonjezo anabwera nato kuchokera kwa mphunzitsi wake wa za tizilombo, tiakangaude tiwiri ta mtundu waukulu waubweya uja, toswedwa tsiku limodzi, kalikonse ngati njere ya mpunga.

Mwana iwe, anatero Amayi ataima pakhomo, anzako akuweta nkhuku.

Nkhuku aliyense akuidziwa, Amayi.

Anthu a m'Chinamwali muno adzati ndakhwima.

Mudzawauze kuti ndi homuweki.

Wina anamutcha Liwiro. Winayo anamutcha Katsalira, akundiyang'ana ine.

4.
M'kope la Lonjezo, kutalika kwa miyendo m'masentimita:

Malichi: Liwiro 2, Katsalira 2.
Ogasiti: Liwiro 4, Katsalira 2 ndi theka.
Febuluwale: Liwiro 7, Katsalira 3.
Novembala: Liwiro 10, Katsalira 4.

Pansi pake analemba: mayi mmodzi, zenera limodzi, mphemvu zofanana. Chifukwa?

Pamenepa ndi pamene ndinalekera kuwerenga.

5.
Unkati udzandifotokozera ndikadzakula, iwe wondiposa ndi mphindi makumi anayi zokha, unkaika rula pagalasi lilime lili panja ngati mwana wa sitandade wani, unkanditcha mng'ono wanga pamaso pa atsikana, unavala nsapato zanga tsiku limenelo osandipempha ndipo anandibwezera imodzi yokha m'jumbo, ndiye ndiuze Lonjezo nditani nayo nsapato imodzi, nditani ndi tizilombo tako, nditani ndi nkhope yako imene ndimakumana nayo ndikamasamba

6.
Mnyamata wina anakhala m'holo ya mayeso, chaka chachiwiri cha ku koleji. Analemba dzina lake papepala. Anayang'ana dzinalo kwa ola lathunthu, kenako anatuluka. Anakwera minibasi, anafika kwawo, anagona chagada. Miyezi isanu ndi itatu.

7.
Zimene ananena anthu:

Limba mtima, ndiwe mwamuna.
Apite naye kwa abusa.
Malo akewo akanapatsa mwana wina.
Amene anali ndi mutu ndi uja wapitayo.
Alamu, mwanayu mukumulekerera.

Zimene anachita Amayi: M'mawa uliwonse kapu ya madzi pafupi ndi bedi, chitseko n'kutsekanso.

8.
Liwiro anasiya kudya m'mwezi wachitatu wa kugona kwanga. Ankangozungulira m'botolo, kukwera galasi, kugwa, kukweranso. Tsiku lina anapinda miyendo kunsi kwa mimba. Ndinamukwirira pansi pa mpapaya.

Katsalira sindinamudyetsepo. Ndinkangomuona ali pakhomo pa una wake, wonenepa, kachitsekero kake ka madzi kali kodzaza. Sindinadzifunse.

9.
Loweruka, dzuwa lili pazenera. Wagona chagada.

Ndinanyamula botolo. Amayi anali pakhonde akusankha nyemba.

Ukupita naye kuti?

Kumpapaya. Wafa.

Bweza pamene unamutenga. Pang'onopang'ono.

Amayi, ndikuti wafa. Onse a m'nyumba muno amatero.

Ine ndafa? Taona miyendoyo. Wakufa amapinda kunsi, ngati mnzake uja. Uyu watambasula.

Inu mwadziwira kuti? Si inu munkathawa ndi tsache?

Bweza, Maziko. Usamukhudze. Ingoika madzi pafupi.

10.
Tinakhala pa bedi la Lonjezo, ine ndi Amayi, lichero la nyemba pamiyendo pawo.

Ola.

Lina.

Msana wa Katsalira unang'ambika. Mwendo umodzi unasololoka m'mwendo wakale, wotuwa, wofewa ngati nsonga ya chisoso. Wachiwiri. Ankapuma nthawi yaitali moti ndinkati basi, kenako wachitatu.

Akufundula, anatero Amayi. Ngati njoka, koma uyu ndi waulesi. Watengera.

Ndinaseka. Mawu a kusekako anandidabwitsa.

Dzuwa likupendeka munali akangaude awiri m'botolo. Wina wopanda kanthu m'kati.

11.
Tsopano alankhule Amayi, monga anandiuzira, nyemba zili pamoto:

kope lija ndinaliwerenga lonse, iwe unalekera pakati, ndinkafuna kungoona zolemba za mwana wanga, ndiye kumapeto ndinapeza analemba kuti Liwiro ndi wamwamuna, amuna amakula msanga n'kutha msanga, Katsalira mwina ndi wamkazi, angathe kukhala zaka khumi ndi kupitirira, ndipo pansi analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti akasiya kudya n'kugona chagada musamukhudze, ingoikani madzi pafupi, ukamudzutsa khungu latsopano lisanalimbe umamulemaza, ndiye ine mayi wa mvano ndinayamba kusaka mphemvu kuseri kwa kabati ndi kapu ya tiyi, n'kumuponyera iwe uli m'tulo, ndipo amalume ako atabwera kuti tikukoke pabedipo ndinati ayi, ndinalibe nzeru ina mwanawe, ndinali ndi kope lokhalo

Ndiye mwakhala mukundiweta ngati kangaude.

Wadya mphemvu iwe?

Komanso ine sindine wamkazi, Amayi.

Ndiwe wochedwa. Kusikelo anamwino ankandikalipira mwezi ndi mwezi, uyu bwanji sakukwera ngati mnzake. Ndinkati akubwera.

12.
Patapita sabata ndinatsegula kope, tsamba la manambala. Ndinaika rula pagalasi.

Julayi: Katsalira 5 ndi theka.

Zolemba zanga n'zopendama, sizifanana ndi zake. Amayi anasuzumira paphewa panga.

Lilime, anatero. Bweza m'kamwa.