Pomwe Msewu Wakale Unathera

"Adutsa msewu wakale," anatero a Fintan, maso ali pa tiyi yemwe anali atazizira kale m'kapu.

Aka kanali kachitatu kunena mawu omwewo chifikireni a Tansey, mkulu wa kampani ya maliro, ndipo sanawonjezepo kanthu. Akazi a Fintan, a Nuala, anali chigonere m'bokosi m'chipinda chochezera, atawakulunga kolona m'zala. Anthu a m'mudzi wa Kilbrannock ankalowera khomo lakumaso, kugwada pang'ono pambali pa bokosi, kenako n'kudzathinana kukhitchini, komwe ketulo sinachoke pamoto chiyambire dzulo lake.

A Tansey anayang'ana Lorcan, mwana wamwamuna wa m'nyumbamo. Lorcan anayang'ana nsapato zake. Amene anayankha anali mlongo wake Dervla, yemwe anali atafika m'mawa womwewo kuchokera ku Dublin.

"Ababa, msewu umenewo anatseka. Chaka chatha ndi miyezi iwiri tsopano."

"Anaikapo geti. Geti amatsegula."

"Si geti lokha, ababa."

"Iwe umakhala ku Dublin."

Dervla anatembenukira mchimwene wake. "Lorcan, pakamwa pako anasokapo kodi? Tawauza."

"Ndiwauze chiyani? Nzeru wabwera nazo ndiwe, zitsitse."

"Iwe ndi amene umakhala pompano."

"Eya, ndimakhala pompano. Ndine ndinkawatengera amayi kuchipatala Lachiwiri lililonse, iwe uli kalikiliki kutumiza maluwa."

"Ana inu, tsitsani mawu, mungawadzutse," anatero a Packie Durkan, mnansi wawo wokalamba, buledi ali m'kamwa. "Akadzuka amenewo tonse muno titukwanidwa, kuyambira ineyo."

Anthu anaseka chapansipansi. A Fintan anangotembenuza kapu yawo patebulo.

Kuchokera pakhomo pawo kukafika kutchalitchi, podzera msewu wakale, unali ulendo wa mphindi makumi awiri wapansi. Aliyense womwalira mbali ino ya parishi ankapita pamapewa a amuna asanu ndi mmodzi, kusinthana pa mtengo waminga, pa chitsime, ndi pa mphambano. Bambo awo a Fintan anadutsa pamenepo, mayi awonso. Zaka makumi anayi ndi ziwiri zapitazo, iwo eni anayenda msewu womwewo atapanira m'khwapa kabokosi koyera ka mwana wawo woyamba, yemwe anangokhala ndi moyo masiku anayi. Manda a mwanayo ndi omwe anansi ankakumbanso tsopano, kuti mayi ake akagone naye.

Kalata ya boma yonena za msewu waukulu wa magalimoto othamanga itafika, a Nuala anaiwerenga mokweza n'kuiponya patebulo. "Ndiye ine ndikadzafa ndidzadutsa pati? Adzandikweza ndege?"

"Udzadutsa pomwepo," anayankha a Fintan.

Sanali munthu wolonjeza zinthu. M'zaka zonse za ukwati wawo, malonjezo awo sakanakwana zala za dzanja limodzi.

Msewu waukuluwo unawadyera minda inayi. Tsiku lomwe antchito anaimika mpanda wa waya, a Fintan anasuntha mpando wawo kuuchotsa pawindo loyang'ana kumunsi, ndipo sanapondenso mbali imeneyo. Ng'ombe ankazitulutsira geti lakumtunda. Phokoso la makina analibe nalo chochita, koma maso anali awo.

Masana a tsiku lomwe a Tansey anabwera, a Fintan anavala jekete lawo lopitira ku Misa n'kukaima pambali pa galimoto ya Dervla mpaka mwiniwake anatuluka ndi makiyi.

Ofesi ya omanga msewu inali kanyumba ka malata pabwalo la miyala yophwanya. Anawalandira ndi injiniya wamkazi, wa msinkhu wa Dervla, nsapato zake zili matope okhaokha.

"Pepani ndi zomwe zakugwerani, bambo Gilhooly. Khalani apa."

A Fintan sanakhale. Anavula kapusi n'kuigwira ndi manja awiri. Mawu omwe anakonza m'galimoto anawathawa, choncho Dervla ndiye anafotokoza. Iwo ankayang'ana mapu aakulu omwe anadzaza khoma lonse.

Injiniya uja anaona komwe maso awo anali. "Mizere yobiriwirayi ndi misewu yomwe inatha kale. Yofiira yodukadukayi ndi yomwe idakali papepala. Wathu ndi uwu. Udzakumana ndi uwu wopita kumzinda, ndipo m'tsogolo muno wina udzaphukira apa kulowera kumpoto. Inu muli apa."

Anaika chala pamapupo. Chalacho chinaphimba Kilbrannock yense, tchalitchi ndi manda omwe.

"Paja munkati padzakhala mlatho," anatero Dervla.

"Unalipo pa pulani yoyamba. Atawerenga nyumba za mbali yanuyo anapeza zisanu ndi ziwiri. Anati zachepa."

"Akufa sanawawerenge," anatero a Fintan.

Mayiyo anachotsa chala pamapu. "Bambo, ikanakhala nkhani ya geti ndikanatsegula ndi manja angawa, makina onse ndikanaimitsa tsiku lathunthu. Koma tinakumba. Pali chigwa chakuya kuposa nyumba yosanja, m'mbali mwake moterera. Ngakhale munthu wopanda katundu sangatsikemo. Msewu mukunenawo kulibenso. Tiyeni ndikakuonetseni."

"Ayi."

"Ndi pafupi, tingoyenda pa…"

"Ulipo," anatero a Fintan, n'kuvala kapusi yawo.

M'galimoto Dervla analowetsa kiyi koma sanalize injini. Mvula inali itayamba kuwaza pagalasi.

"A Tansey akuti tidzadzera kumtunda, tikalowe msewu waukulu womwe unatha kale, tikatulukire kuseri kwa tchalitchi. Makilomita khumi ndi anayi."

"Anthu adzayenda bwanji pambuyo pake?"

"Sadzayenda, ababa. Mumsewu umene uja saloleza wapansi. Ngakhale galimoto ya maliro saloleza kuyenda pang'onopang'ono."

"Amayi ako ankaopa liwiro."

"Ndikudziwa. Ankagwira chitseko ngati chithawa."

 Chigalimoto chodzaza dothi chinadutsa, pansi n'kunjenjemera.

"Ndinamulonjeza," anatero a Fintan.

Dervla anatsamira chipumi pachiwongolero. "Amayi anandiuza pafoni. Ankaseka."

"Ine sindinkaseka."

Dzuwa litapendeka, Lorcan anapeza bambo ake m'khola akuthira udzu wouma m'modyera ng'ombe. Anatenga foloko ina yothirira udzu n'kuyamba kuthira nawo. Anafika kumapeto kwa mzere asanalankhule.

"Ndayankhula ndi a Tansey. Titha kuwanyamula amayi kuchokera pakhomo mpaka pampanda, n'kubwerera. Galimoto idzatidikira pano."

"Si theka la njira n'komwe."

"Si theka. Koma ndi pomwe patsala."

"Kupita ndi maliro n'kubwerera nawo. Unazionapo kuti?"

"Sindinazionepo. Nanga nditani, ababa? Ndikwirire chigwacho ndi fosholo? Mukandiuza ndiyamba pompano."

 Lorcan anali bambo wa zaka makumi anayi, imvi zitayamba m'mbali mwa makutu, koma anaima pamenepo ngati akudikira kukalipiridwa. A Fintan anakoloweka foloko pamsomali n'kutuluka. M'nyumba imeneyo aliyense ankadziwa kuti akachoka osakana ndiye kuti avomera.

M'mawa wa tsiku loika maliro mvula inakata. Misa inali ya thwelofu koloko. Nthawi itatsala pang'ono kukwana leveni anatulutsa bokosi, miyendo kutsogolo. Lorcan anagwira kumutu, anansi asanu n'kulowa pansi pake. A Fintan anatsatira, Dervla atawagwira mkono, ndipo pambuyo pawo panali anthu oposa zana, ena ochokera kutsidya omwe anazungulira makilomita onse aja kuti adzayende nawo kamtunda aka.

Udzu unali utamera pakati pa msewu. Mitengo ya m'mbali, yosadulidwa chaka chonse, inkakwecha bokosi. Wina anayambitsa kolona, ena n'kumayankha. Pa mtengo waminga amuna anasinthana monga mwa masiku onse, osauzana, kupatula Lorcan yemwe sanachoke kumutu. A Fintan ankayang'ana pansi, phazi ndi phazi. Dzenje lililonse la msewuwo ankalidziwa. Kutsogoloku kunayenera kubwera chitsime.

Chitsime sichinabwere. Onyamula aja anangoima.

A Fintan anadzutsa mutu. Phula linathera pansi pa waya, lodulidwa mowongoka ngati buledi. Kupitirira apo kunalibe kanthu. Dziko linangotsika, dothi lofiirira ndi miyala yotuwa, mpaka pansi penipeni pomwe makina achikasu ankaoneka ngati zidole. Onse anali atazimitsidwa, ndipo antchito anaima m'mbali mwake zipewa zili m'manja. Chigwacho chinapita kumanja ndi kumanzere mpaka pomwe maso analekezera. Kutsidya, phula linayambiranso pansi pa waya wina, n'kukwera bwinobwino kulowera ku nsanja ya tchalitchi, yomwe inkaoneka pafupi kwambiri moti munthu akanatha kuwerenga akhwangwala padenga.

 A Fintan anagwira waya ndi dzanja limodzi. Pemphero la kumbuyo kuja linazilala lokha.

"Tibwerere, ababa?" ananong'oneza Dervla.

 A Fintan ankafunafuna ndi maso pomwe panali chitsime, pomwe panali mphambano, koma zonsezo zinali m'malere, pamwamba pa chigwa, pomwe panalibe poponda.

Belu la tchalitchi linagunda leveni. Chitseko cha kanyumba koyera kutsidya kuja chinatseguka, ndipo panatuluka mayi wokalamba, wowerama, akudzikoka ndi ndodo. Anafika pawaya wa mbali yakeyo, anakweza kansalu koyera m'mwamba n'kuyamba kukagwedeza.

"Ndi ndani uyo?" anafunsa Dervla.

"Philomena Cunnane," anatero a Packie kumbuyo kwawo. "Akusangalala kapena chiyani?"

A Fintan anawazindikira. A Nuala ndi a Philomena sanalankhulane zaka makumi awiri ndi ziwiri, chiyambire pomwe galu wa kwa Cunnane anapha nkhuku za a Nuala. Ku Misa ankakhala mbali zosiyana. M'nyumba mwa a Fintan dzina la mayiyo silinkatchulidwa, ankangoti "uja wa galu".

"Sakusangalala," anatero Lorcan, tsaya lili pabokosi. "Mutu wawo unayamba kutaya zinthu. Za maliro ano tawauza kawiri, aiwala. Maso nawonso saona patali, amangoona choyera chikagwedezeka."

"Ndiye akuitana ndani?"

"Amayi. Chitsekereni msewu, ankabwera pano leveni koloko tsiku lililonse. Mayi aja amakhala okha, foni sayankha. Akatuluka ndi kansalu, ndiye kuti adzuka bwino. Akapanda kutuluka, amayi ankandiimbira kuti ndizungulire ndikaone."

"Anagwirizana liti?" anafunsa Dervla.

"Sanagwirizane. Mpaka sabata yatha ankanenabe za nkhuku zija. Anandiuza kuti ndikangouza munthu andithyola khosi."

A Fintan anakumbukira akazi awo akuvala chikhoto m'mamawa uliwonse, akuti akukaona ngati kuli mazira kumunsi, n'kubwerako chimanjamanja. Sanawafunsepo.

Kutsidya kuja mkono unatopa, unatsika, kenako unakweranso.

"Salowa m'nyumba mpaka ayankhidwe," anatero Lorcan. "Masiku atatuwa ndakhala ndikuchita kuzungulira kukawalowetsa."

A Tansey anayang'ana wotchi yawo. Amuna onyamula aja anasuntha mapewa pansi pa kulemera kwa bokosi.

Pa nsanamira ya mpanda, chakumanzere kwa a Fintan, panali kansalu kopukutira mbale, kopindidwa n'kukanikizidwa pakati pa mtengo ndi waya, pamsinkhu wa munthu wamfupi. Kanali konyowa ndi mvula ya masiku atatu. Anakasolola pang'onopang'ono kuti waya asakang'ambe, anakafinya, n'kukatambasula.

Anakweza mkono mpaka pomwe phewa lawo linalolera.

Mayi uja anagwedeza kake kawiri, anakalowetsa m'thumba la chikhoto, n'kutembenuka. A Fintan sanatsitse mkono mpaka chitseko cha kanyumbako chitatsekeka. Kenako anapinda kansaluko n'kukabwezera pomwe anakapeza.

"Tiyeni," anatero, ndipo amuna aja anayamba kutembenuza bokosi mumsewu wopapatizawo.