Zitenje za Anankhoma

Makina anangoti gwa, kachinayi m'mawa umodzi womwewo, ndipo Lidia anachotsa phazi pa pedulo. Anakoka nsalu pang'onopang'ono n'kuitembenuza. Kunsi kwake ulusi unali utapiringizana, mfundo pamwamba pa mfundo.

Ikanakhala yunifolomu ya mwana wasukulu, bwenzi atangodula n'kupitiriza. Koma izi zinali zitenje za mayi ake, malemu Anankhoma, amene anaikidwa m'manda mu Febuluwale. Tsiku logawa zovala, abale a kuchikazi anatenga madiresi, nsapato ndi mipango monga mwa mwambo. Atafika pa sutikesi ya zitenje, bambo ake a Lidia, a Kalebe, anangoikhalira. Munthu wofatsa ngati uja, mkulu wa mpingo, kukaniza alamu ake anthu akuona! Amayi aang'ono a Lidia anachoka akung'ung'udza kuti mwamuna ndi chitenje wapi ndi wapi, tiona kumene zithere.

Juni atafika, a Kalebe anatsetsereka phiri pa njinga mpaka pa Malomo, pakhonde la golosale pamene mwana wawo ankasokera. Anapempha kuti awasokere chofunda cha zigamba, zitenje zisanu ndi ziwiri zonsezo zikhalemo. Lidia, pakamwa pake paja, anawauza kuti imeneyo ndi ntchito yaing'ono, adzatenge Loweruka masana. Tsiku lomwelo anazidula zonse m'tizigamba. Ndiye Loweruka lake linali lero.

Kulumikiza zigamba sikunavute kwenikweni. Mavuto anayamba poti asokere pamodzi nsalu zitatu: zigamba pamwamba, bulangeti lakale pakati, bedishiti pansi. Poona kukhuthala kwake, anaika singano nambala 18, ija ankasokera maovololo a alimi a fodya. Ulusi anagula kwa wavenda tsiku la msika, khumi m'paketi, mitundu yake yokongola zedi.

Anatsegula kunsi kwa makina n'kutulutsa bobini. Munali mutadzaza tiubweya ta ulusi, tounjikana ngati thonje. Anauzira, anapukuta ndi nthenga ya nkhuku, anadonthezamo mafuta, n'kuyambanso. Mzere umodzi unayenda bwino. Wachiwiri, ulusi phwe. Anaimirira, anakhala, anayang'ana foni: nthawi inali itadutsa teni koloko. Mayi wina anabwera ndi siketi yofuna zipi, Lidia anamubweza osamuyang'ana n'komwe.

Kenako mkwiyo unamutsikira kuphazi. Anapalasa pedulo mwamphamvu, manja akukoka nsalu kumbuyo kuti idutse basi, ifune isafune. Anangomva kwee. Kachigamba kobiriwira kokhala ndi nkhanga kanang'ambika motsata mzere, kuchoka uku kufika uko. Chitenje chimenecho chinali chothaitha kotero kuti pa nsalu yonse anangopezapo kachigamba kamodzi komweko. Lidia anagwira pakamwa. Anachita mantha enieni.

Kutsidya kwa msewu, pakhonde la salooni, a Vinsenti ankasoka thalauzi ngati sakuona kanthu. Koma ndani sadziwa maso a telala? Bambo amenewa ndiwo anamuphunzitsa Lidia ntchito, zaka ziwiri zathunthu. Atangodziwa kudula bulauzi, mtsikana anasamuka osatsanzika, n'kukhazika makina ake moyang'anana nawo, amayi a Chigwirizano ndi mayunifolomu awo n'kumutsatira. Kuyambira pamenepo moni wawo unali wa mutu wokha.

Lidia anapinda chofundacho, anachiika pansi, anachinyamulanso. Njinga za kabaza zitatu zinadutsa iye ali chiimire m'mbali mwa msewu. Kenako anawoloka.

"Lero mvula igwa mu Juni," anatero a Vinsenti osadzutsa mutu. "A telala akuluakulu atiyendera?"

"Ndalakwitsa, bambo. Tandionereni."

Mawuwo anatuluka movuta, koma anatuluka. A Vinsenti anavula magalasi, anawapukuta, n'kuyala chofunda pamiyendo. Atamva kuti zitenjezo n'za ndani, chipongwe chonse chinathera pomwepo. Anakweza nsalu kuloza kudzuwa, ndipo Lidia anaona yekha: mzere uliwonse umene anasoka unali timabowo tondondozana, kuwala kukudutsamo.

Anamufunsa nambala ya singano. Atayankha, anapukusa mutu n'kunena kuti Lidia anayang'ana bulangeti la pakati n'kuiwala nsalu ya pamwamba. Chitenje chimene chachapidwa zaka makumi awiri sichifuna msomali, chimafuna nambala 14, yatsopano, yakuthwa. Ndiye anatenga ulusi wa Lidia uja, anaukhwekhwereza pa thalauzi lawo lakuda, ndipo unasiya kanjira koyera ka ubweya. Anatulutsa wawo m'kabokosi, wosalala, wopota bwino, anachitanso chimodzimodzi. Thalauzi linatsala bii, popanda kaubweya.

"Safunsa anadya phula, mwana iwe. Ubweya umenewu ndi umene ukutsamwitsa makina. Makina akatsamwa iwe ukukoka, ukakoka nsalu ikulira."

Anamusonyezanso kanzeru kena kamene Lidia anathawa asanakaphunzire. Analowetsa ulusi pa singano ili m'manja, anagwira uku ndi uku n'kupendeketsa. Singano inatsetsereka yokha bwinobwino. Anati ikakakamira ndiye kuti yachepa, ikamagwedera ngati dzino la nkhalamba ndiye kuti yakula.

Lidia anafunsa ngati angathe kumaliza mizere yotsalayo ndi singano yatsopano, yakaleyo n'kuisiya momwemo. A Vinsenti anati angathe, ndipo lero chioneka bwino, mwini wake anyamula akumwetulira. Koma tsiku loyamba kuchichapa, chidzang'ambika mzere ndi mzere. Chofunika n'kusomola zonse, ndi manja, mfundo imodziimodzi, osati ndi lezala. Masiku anayi ngati ali ndi mwayi. Za kachigamba ka nkhanga anangoti madzi akatayika sawoleka. Anamupatsa singano ziwiri ndi ulusi, n'kubwerera ku thalauzi lawo.

Atabwerera pakhonde pake, Lidia sanakhazikike. Nthawi inali kuthamangira thwelofu. M'thumba la zotsala munali kansalu kobiriwira ka kasitomala wina, kofananako ndithu. Anakayeza pamalo pong'ambikapo, kanakwana ndendende. Bambo ake maso anayamba kale kuchita nkhungu. Maola awiri okha, chofunda chikanatha, mkulu n'kukwera phiri mosangalala, amayi aang'ono aja n'kusowa chonena. Anaika singano yatsopano. Analowetsa ulusi. Anaika phazi pa pedulo, koma phazi linakana.

Belu la njinga linalira kumbuyo kwake. A Kalebe anali atafika msanga, atavala jekete la kutchalitchi, pakaliyala atamangapo thumba lapulasitiki latsopano loti aikemo chofunda kuti chisachite fumbi. Thumba limenelo ndilo linamupweteka Lidia kuposa zonse.

Anawapatsa mpando, anagwada, anawalonjera. Anafunsa za kumudzi, za mbuzi, za chifuwa chawo, kuzungulira ngati sakudziwa chimene abwerera. Mkuluyo ankayankha maso ali pa makina.

"Ababa, sichinathe," anatero pomaliza. "Ndipo china ndawononga. Ndinafulumira."

Anachotsa kansalu kachilendo kaja n'kuwaonetsa pong'ambikapo. Anafotokoza zonse, za singano, za ulusi, za kukoka kwake, ngakhale za maganizo amene anali nawo mphindi zapitazo. A Kalebe anayendetsa chala pa nkhanga zodukazo, uku ndi uku, nthawi yaitali. Kutsidya kuja makina a Vinsenti anali atasiya kulira.

"Ichi ndinamugulira ndi fodya wanga woyamba," anatero. "Iwe usanabadwe."

Lidia misozi inangoti mbwee. Anati ayesa kukalumikiza ndi manja, mwina kagwira. Bambo ake anakana. Anatenga sizasi n'kumupatsa kuti angokachotsapo. Lidia anasomola kachigambako mosamala mbali zonse zinayi, pachofunda n'kutsala bowo loonetsa bulangeti.

"Pamenepo usaikepo cha munthu wina. Utengepo pa zake zomwezo, ngakhale zibwerezedwe."

"Chitenga masiku, ababa. Mwina sabata. Kukuzizira."

"Ndazizidwa kuyambira Febuluwale. Sabata n'chiyani?"

A Kalebe anapinda kachigambako kawiri, anakaika m'thumba la m'kati mwa jekete, n'kusindikiza ndi dzanja. Njinga sanaikwere. Anaikankha pang'onopang'ono kulowera njira ya kuphiri, ndipo Lidia anakoka chofunda pamiyendo, anatenga phini, n'kuyamba kusomola mzere woyamba.