Waya wa Emelda

Mwabi anasandutsa balaza la kwawo ku Chifubu kukhala situdiyo: gitala, ampulifaya yakalekale, laputopu, ndi matiresi otsekera pawindo kuti phokoso la maminibasi lisalowe. Zonsezi ankachitira atate ake, a Laston, amene Lolemba ankapita kukachitidwa opaleshoni yapakhosi. Adokotala sanawabisire kuti mwina mawu sadzabwerera. Mkuluyo ankafuna kujambulitsa nyimbo imodzi yokha, imene anapekera malemu mkazi wake Emelda, koma osalimba mtima kumuimbira ali moyo.

A Laston anavula nsapato pakhomo, poti lamulo la Emelda silinafe naye, naima pasimenti. Mlomo utangokhudza maikolofoni, anadumpha ngati aponda khala la moto.

"Yandiluma!"

Naye Mwabi zingwe za gitala zinkamunyerenyetsa zala, sipika ikungong'ung'udza. Anasintha mapulagi nayesanso, koma chimodzimodzi.

"Zimitsa, mwana wanga. Ndi amai ako, sakufuna. Ankati ndimaimba ngati chule."

Ananena moseka, koma maso atafiira, ndipo Mwabi mtima unamuwawa. Anathamanga kukaitana Boaz, wamagetsi wa kutchalitchi kwawo.

Boaz anazungulira kuseri kwa nyumba napeza chitsulo chokhomedwa m'nthaka chili chokhachokha.

"Awe mwandi, ayi ndithu, waya wa ethi kulibe pachitsulo apa. Magetsi otayika akusowa njira yolowera pansi, ndiye akudzera mwa imwe."

"Akuba kopa awa!" anakalipa Mwabi.

Koma a Laston maso anali pa mtengo wa mandimu. Nthambi ina, imene inathyoka ndi mphepo chaka chimene Emelda anayamba kudwala, inali yomangidwa bwinobwino ndi waya wobiriwira. Khungwa linali litaumeza theka, ndipo nthambiyo inali italemedwa ndi zipatso. Anaimanga anali Emelda: mayi uja chilichonse chooneka ngati chingwe sichinkamudutsa.

"Sindinakuuze kuti ndi amai ako?" Mkuluyo anaseka mpaka misozi, misoziyo n'kupitirira kuseka kutatha.

Boaz anatulutsa pulayala kuti aumasule.

"Usaukhudze," anatero a Laston. "Ika wina."

Waya watsopano utalumikizidwa, sipika inangoti zii. A Laston anaimanso pa maikolofoni, opanda nsapato, nayang'ana kuwindo loloza ku mtengo uja.

"Chotsa matiresiwo, utsegule."

"Atate, phokoso lilowa m'nyimbo."

"Lilowe. Ndikufuna amve."