Ulusi Wofiira pa Mwendo wa Mbalame

Lamulo la gulu lathu ndi losavuta. Ukapeza mbalame yakufa pagombe umaijambula, umaiwerenga, kenako umaimanga ulusi wofiira kumwendo n'kuisiya pomwepo. Wodzadutsa pambuyo pako akaona ulusiwo amadziwa kuti inawerengedwa kale. Ndi ntchito yongodzipereka. Timayenda m'mbali mwa nyanja yamchere nyengo yozizira, anthu anzeru zawo ali m'mabulangete, n'kumayang'ana zimene mafunde alavula.

Bambo analowa gululi mayi atamwalira. Anali telala, koma msana unakana makina, ndipo maliro atatha ankangokhala pampando n'kumayang'ana khoma. Gombe ndi limene linawadzutsa. Ine ndinkawaperekeza, chifukwa lamulo lina limati tiziyenda awiriawiri. Nditapeza ntchito m'sitolo ya mankhwala ndinayamba kujomba.

"Pitani kuntchito, a Digiri," iwo anatero. Ndi mmene amanditchulira akafuna kundiseka. "Mbalame yakufa sijompha munthu."

Ndiye ankapita okha, ine n'kumanamizira kusadziwa lamulolo.

Tsiku lina anandiimbira Mayi Magalasi, mkulu wa gulu lathu, amene amalandira ziwerengero za aliyense.

"Mwanawe, gawo lanulo kwagwanji? Kwa anzanu konse kuli bata, koma kwa bambo akoko mbalame zikungoyoyoka. Pali sitima ikutaya mafuta, ndikukuuza ine. Lolemba ndikuitana oyeza madzi. Akafuna atseke gombe lonselo."

Loweruka ndinapita nawo Bambo. Mphepo inkalowa mpaka m'mano. Mchenga unali wolimba ngati simenti, ndere zitaunjikana pamene madzi anafika m'mawa, zitasakanikirana ndi zivindikiro za mabotolo ndi zidutswa za ukonde. Mafuta sindinawaone, ngakhale fungo lake. Bambo anali patsogolo, atavala juzi limene mayi anawalukira, akuyenda ngati mwini munda. Kunyumba sayenda choncho.

Kuseri kwa chipika china anagwada.

"Ina iyi. Zatha mbalame, mwana wanga."

Inali youma gwa, maso nkhanu zitadya kalekale. Ndinavala magolovesi n'kuitembenuza. Kumwendo kunali ulusi, ndipo sunali umodzi. Mfundo zinandandalikana kuchokera kuphazi mpaka m'mwamba, zina zofiirabe, zina zitafwifwa ndi mchere. Ndisanatsegule pakamwa, Bambo anali akudula kale ulusi wina ndi mano.

"Bambo, taonani kaye mwendowu."

Anasendera. "Aa! Ndani akuyenda gawo lathu? Magalasi waika munthu wina osandiuza?"

"Palibe wina, Bambo."

"Ndiye ndi ana. Ana a masiku ano amaseweretsa ndi maliro omwe."

Ndinangokweza mwendowo kufupi ndi nkhope yawo. Mfundo ya Bambo ndimaidziwa kuyambira ndili pa yunifolomu: amazunguliza kawiri, amakoka, n'kusiya kamchira kopindika ndi chikhadabo. Zonse zinali choncho. Ndinakumbukira bulauzi yanga imene mwezi watha anaisoka batani pamene panali kale batani. Tsiku limenelo tinaseka mpaka misozi.

Anaikhudza mfundo imodzi ndi chala, kenako ina. Mafunde ankangomenya.

"Izi ndi zanga," anatero chapansipansi.

Tinapitiriza kuyenda. Mbalame ina pafupi ndi miyala, chimodzimodzi. Ina pansi pa ngalawa yosweka, chimodzimodzi. Mbalame zochepa zomwezo zakhala zikufa mlungu uliwonse m'ziwerengero za Bambo, osadandaula n'komwe.

Anakhala pamwala n'kutulutsa kalumo kawo ka utelala.

"Tidule mfundo zinazi, tisiye imodziimodzi. Adziwa ndani?"

"Ziwerengero munatumiza kale. Lolemba anthu akubwera kudzafuna mafuta amene kulibe."

"Abwere. Akapanda kuwapeza abwerera kwawo."

"Nanga akatseka gombe? Asodzi a kuno akalowera kuti?"

"Ukamuuza Magalasi andichotsa." Sanandiyang'ane. "Ukufuna ndibwerere pampando uja?"

Sindinkafuna. Mpando umenewo ndimaudziwa, ndi ine ndinkauzungulira ndi tsache. Ndinaima ndi foni m'manja mpaka zala zinachita dzanzi. Kenako ndinapita chapatali, kumene mphepo ikanameza mawu anga, n'kuimbira Mayi Magalasi.

Ndinawafotokozera zonse.

"Kuchipatala mwapita nawo?"

"Ayi."

"Upite nawo, mwanawe. Oyeza madzi ndiwaletsa. Ziwerengero zawo zonse za nyengo ino ndizichotsa, sindingachitire mwina." Anapumira m'mwamba. "Kuyenda aziyenda, koma ndi iwe. Ulusi asagwirenso. Ukamajomba, basi kwatha."

Nditabwerera ndinawauza monga ndinamvera, osakometsa. Anamvetsera akuyang'ana kunyanja. Kenako anapisa m'thumba, natulutsa ulusiwo, n'kuuika m'dzanja langa, n'kupinda zala zanga pamwamba pake.

"Uzizunguliza kawiri. Wako uja umamasuka, a Digiri. Ku yunivesite sanakuphunzitseni kumanga?"

"Imeneyo ndinalephera, Bambo."

Anaseka pang'ono. Ine maganizo anali kale kwa abwana anga a kusitolo, kuganiza kuti ndikawauza chiyani za masiku a Loweruka, amene ndi masiku a makasitomala.

Tinatembenuka kubwerera. Madzi anali atayamba kukwera, akufufuta mapazi athu. Bambo anatsogolanso, manja kumbuyo, maso pamchenga. Titafika pachipika chija anaima, n'kugwada pang'onopang'ono, dzanja lina pamsana.

"Ina iyi," anatero. "Zatha mbalame, mwana wanga."

Anapisa m'thumba la kumanja, kenako la kumanzere, kenako m'juzi. Anandiyang'ana.

"Ulusi wanga wauona?"

"Uli ndi ine, Bambo."

"Ndiye bwera nawo, ukuima chiyani?"

Ndinagwada pambali pawo pamchenga wozizirawo, ulusi ndili nawo m'thumba, dzanja nditaufumbata.